Pempho kwa anthu onse: m'chifuwa mukalira, musadikire kuti kuche

Makolo athu, mafumu, abusa ndi mashehe, aphunzitsi, abale ndi alongo nonse, ife ndife anthu wamba amene timakumana m'gulu lathu kukambirana za umoyo wa m'madera mwathu, ndipo tabwera ndi pempho limodzi. Munthu akayamba kulira m'chifuwa popuma, kaya ndi khanda kaya ndi agogo, mupite naye kuchipatala akamuyeze, makamaka ngati ndi koyamba. Kulirako si matenda ayi, ndi chizindikiro chabe, ndipo matenda amene amalira mofanana alipo angapo. Khutu la munthu wapakhomo, ngakhale la mayi amene walera ana ambiri, silingathe kuwasiyanitsa. Pamafunika choyezera m'chifuwa ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyo.

Poimba mluzu munthu amapana milomo kuti mpweya udutse pampata wochepa. M'mapapo zimachitika chimodzimodzi: tinjira ta mpweya tikatupa, tikafinyika kapena tikadzaza makhololo, mpweya umadutsa mopanikizika n'kumalira, kawirikawiri pamene munthu akuutulutsa. Funso lalikulu ndi lakuti chapana tinjirato n'chiyani. Ambirife timathamangira kunena kuti ndi mphumu, ndipo nthawi zambiri timalondola. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu, ndipo 455,000 anafa nayo, ambiri mwa iwo m'maiko osauka ngati lathu lino. Mphumu imabwera n'kupita. Imakonda usiku ndi m'bandakucha, imadzuka ndi chimfine, kuzizira kwa mu Juni ndi chiperoni, fumbi la mu Okutobala, utsi wotentha tchire, nkhungu ya m'makoma onyowa, mphemvu, ubweya wa mphaka, ngakhale fumbi la fodya posankha m'shedi. Ena imawadzukira akamwa aspirin kapena ibuprofen, mankhwala amene timagula pagolosale osafunsa munthu.

Koma si kulira konse kumene kuli mphumu, ndipo apa ndi pamene pagona pempho lathu. Khanda losakwana zaka ziwiri likhoza kulira m'chifuwa chifukwa cha kachilombo kamene kayamba ngati chimfine n'kutsikira m'tinjira ting'onoting'ono ta m'mapapo, ndipo chibayo chikhoza kubisala mmenemo. Mwana amene anali bwinobwino akusewera pamene akulu akusenda mtedza kapena kutonola chimanga, mwadzidzidzi n'kutsamwa, kutsokomola ndi kuyamba kulira m'chifuwa, akhoza kukhala kuti njere yalowera kunjira ya mpweya. Ameneyo palibe mankhwala akumwa amene angamuthandize mpaka njereyo itachotsedwa. Wachikulire amene miyendo yatupa, amene sagona chagada koma chotsamira, amene amadzuka usiku ali wefuwefu, vuto lake likhoza kukhala mtima umene wafooka n'kumasiya madzi m'mapapo, nthawi zambiri chifukwa cha BP imene sinasamalidwe. Amene wasuta fodya zaka zambiri, amene anadwalapo chifuwa chachikulu mapapo n'kutsala ndi zipsera, amene amaswa miyala tsiku ndi tsiku kapena anagwirapo ntchito m'migodi ya golide ku South Africa, onsewa akhoza kulira m'chifuwa pa zifukwa zawozawo. Munthu akawapatsa mankhwala amodzi onsewa, wina apeza bwino, wina sasintha, wina ataya masiku amene akanamupulumutsa.

Tisaiwale amayi athu. Mabanja oposa 9 pa 10 alionse m'Malawi amaphikira nkhuni kapena makala, ndipo mayi amaweramira pamafuwa m'khitchini yopanda zenera, mwana ali kumbuyo, maso akutuluka misozi, denga lada bii ndi mwaye. Mwaye umene timauona kudenga ndi womwewo umene ukulowa m'mapapo mwa awiriwo. Ena amati yankho ndi mbaula zamakono basi. Tikanakonda zikanakhala choncho, koma kafukufuku wamkulu amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, zotsatira zake n'kutuluka m'magazini a zachipatala a The Lancet, anapeza kuti mbaula zochepetsa utsi pazokha sizinachepetse chibayo pakati pa ana osakwana zaka 5. Utsi umachokera kwambiri: kwa aneba, kudzala kumene tikutentha zinyalala ndi mapepala apulasitiki, kumunda, kwa bambo osuta m'nyumba. Choncho tiphikire panja kapena popita mphepo, mwana timuchotse pautsi, mbaula ya makala isagone nafe m'chipinda chotseka, komabe tisaganize kuti tikatero ndiye kuti chipatala sichikutikhudzanso.

Pali zizindikiro zimene sizilola kudikira, kaya ndi pakati pa usiku kaya mvula ikugwa. Munthu akamalephera kumaliza chiganizo chifukwa cha phuma, milomo kapena lilime zikasintha mtundu n'kuyamba kuda kapena kutuwa, akamasokonezeka mutu kapena kuodzera mosadziwika bwino, nyamukani. Nkhope, milomo kapena lilime zikatupa munthu atalumidwa ndi njuchi, atadya china chake kapena atamwa mankhwala, nyamukani. Mwana mumuvule malaya mumuone pachifuwa: pansi pa nthiti pakamalowa mkati pokoka mpweya, mphuno zikamatukuka, akamakana kuyamwa kapena kumwa, akamasanza chilichonse, akakomoka, musayambe mwafuna nzeru kwa aneba. Ngati pali wotchi kapena foni, werengani kupuma kwake kwa mphindi imodzi yathunthu ali phee. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika ka 60, mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika ka 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika ka 40, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo aonedwe tsiku lomwelo. Chizindikiro choopsa kuposa zonse ndi chimene chimanyenga anthu ambiri: wodwala amene amalira kwambiri m'chifuwa, kulirako n'kungoti zii koma iye akubanikabe, sanachire ayi. Mpweya wachepa kwambiri moti sukuthanso n'kulira komwe. Kupatula izi zadzidzidzi, kulira kumene kumabwerabwera, kumene kumadzutsa munthu usiku kapena kulepheretsa mwana kusewera mpira, kukayezedwe m'masiku omwewo, ndipo chifuwa cha milungu iwiri, kuonda, thukuta la usiku kapena magazi m'makhololo zikufuna kuyezetsa TB.

Tikudziwa zimene ena anene. Choyamba n'chakuti zimenezi zimatha zokha. N'zoona kuti mphumu imaleka kukacha, ndipo ana ena akamakula kulirako kumatha. Koma kutupa kwa m'tinjira kumakhalapobe ngakhale pa masiku amene munthu akuoneka bwino, ndipo kudzuka kwa mawa sikulonjeza kuti kudzakhala kofatsa ngati kwa dzulo. Chachiwiri, chimene chafala kwambiri, n'chakuti mankhwala opopera m'kamwa amazoloweretsa, amafoola mtima, kapena ndi a munthu amene watsala pang'ono kufa. Izi si zoona. Opopera amapita molunjika m'mapapo, choncho mlingo wake ndi wochepa kuposa wa mapiritsi amene amayamba azungulira thupi lonse, n'chifukwa chake kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima kumachuluka kwa omwa mapiritsi a salbutamol kusiyana ndi opopera. Munthu akamapopera salbutamol pafupipafupi si kuti wazolowera, koma kuti mphumu yake sikugonja, ndipo akufunika mankhwala ena oteteza ngati beclometasone, opopera tsiku lililonse ngakhale ali bwino. Kwa mwana amene sangathe kupopera ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, madokotala a ku Cape Town anaonetsa mu 1999 kuti botolo lapulasitiki la 500 ml, lobooledwa kumatako kuti chopoperacho chilowe mothina, limagwira ntchito ngati chipangizo chogula chothandizira kupopera. Pemphani anamwino akuonetseni kapangidwe ndi kagwiritsidwe kake.

Chachitatu ndi cholemera, ndipo sitichipeputsa: chipatala chili kutali, kabaza akufuna ndalama, ndipo mwina mukafika akuuzani kuti mankhwala atha mukagule. Zimachitikadi. Komatu ngakhale tsiku limene mankhwala kulibe, kudziwa dzina la matenda ndi phindu, chifukwa ndalama yochepayo ikagulira choyenera m'malo momwazikira pa Bactrim ndi amoxicillin wapamsika, amene sachiza mphumu, mtima kapena kachilombo ka chimfine. Kwa ana osakwana zaka 5 m'madera ovuta kufikako, alangizi a zaumoyo amayendetsa zipatala za m'mudzi, amadziwa kuwerenga kupuma, ndipo amalemba kalata yotumizira wodwala patsogolo. Palinso Chipatala Cha Pa Foni cha Unduna wa Zaumoyo, kumene mungafunse malangizo. Za mankhwala achikuda ndi mapemphero sitilimbana ndi munthu, koma kufukiza wodwala wobanika ndi utsi wa masamba atamufunditsa bulangete ndi kuwonjezera chomwe chikumupana, ndipo pemphero limatheka munthu ali panjira yopita kuchipatala.

Tikupempha mafumu ndi makomiti a zaumoyo a m'midzi kuti agwirizane kuli kowala za njinga, ngolo kapena galimoto imene idzanyamule wodwala usiku, ndi thumba la ndalama yolipirira. Aphunzitsi alole mwana wa mphumu kusunga chopopera chake m'thumba, asamupatse ntchito yosesa fumbi, ndipo aletse anzake kumuseka kapena kumusala, popeza mphumu sipatsirana. Makolo amalizitse ana katemera yense, kuphatikizapo wa chibayo amene dziko lino linayamba kupereka mu 2011. Osuta fodya asutire kunja, kutali ndi ana. Popita kuchipatala mutenge buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala wakhala akumwa, ngakhale ogula pagolosale, ndipo muwauze adokotala tsiku limene kulirako kunayamba, nthawi imene kumakula, ndiponso ntchito imene wodwalayo amagwira.