Mwana wa kalasi ya 10: njira ya ku yunivesite imasankhidwa pano

Lamulo la maphunziro la 2018 linasintha makalasi m'dziko muno. Pulayimale tsopano imathera kalasi ya 6, ndipo kuyambira 2023 kalasi ya 7 inalowa ku sekondale. Mwa lamuloli, makalasi a 10, 11 ndi 12 ndiwo gawo lomaliza la sekondale. M'gawo limeneli ndi momwe mwana amapatukira ku letras kapena ku ciências, ndipo makolo ambiri a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amangomva nkhaniyi itatha kale.

Vuto lake nali. Mayunivesite a boma salandira mwana chifukwa chakuti wakhoza kalasi ya 12 basi. Pali mayeso ena olowera, a admissão, ndipo maphunziro alionse ali ndi mayeso akeake. Wofuna udokotala amayesedwa Biologia ndi Química. Wofuna uinjiniya amakumana ndi Matemática ndi Física. Mwana amene anathawira ku letras poopa masamu, kapena potsatira mnzake, adzapeza makomo amenewa ali otseka.

Chomvetsa chisoni n'chakuti makomowo ali pafupi. Ku Ulónguè kuli nthambi ya zaulimi ya UniZambeze, pakati penipeni pa minda yathu ya chimanga ndi mbatata ya kachewere. Mumzinda wa Tete muli nthambi ya zaumoyo ya yunivesite yomweyo, komanso ISPT, yomwe inakhazikitsidwa mu 2005 ndipo imaphunzitsa za migodi. Zonsezi zimafuna mwana wa ciências. Wa letras naye ali ndi njira yake, monga zamalamulo ndi uphunzitsi, koma aisankhe akudziwa kumene ikupita.

Ife a m'malire tili ndi mfundo inanso. Mabanja ena amatumiza ana ku sukulu za ku Dedza kapena ku Ntcheu. Si kulakwa. Koma satifiketi ya ku Malawi iyenera kuvomerezedwa kaye ndi boma, imene amati equivalência, ndipo mayeso a admissão amalembedwa m'Chipwitikizi. Mwana wozolowera Chingerezi sangaphunzire Chipwitikizi cha mayeso m'mwezi umodzi. BI nayo imafunika polembetsa, ndipo mwana wopanda kalata ya kubadwa amachedwa kuipeza. Kulembetsako masiku ano kumachitika pa intaneti, chinthu chosowa m'midzi yambiri.

Za ndalama tisanamizane. Kulembetsa ndi kulemba mayesowa kumagwa m'nyengo ya dzinja, pamene meticais a pakhomo apita ku feteleza ndipo nkhokwe zayamba kupepuka. Pamenepo mpamene pafunika ndalama ya ulendo, malo ogona ndi chakudya. Banja limene mwana wake ali m'kalasi ya 10 lili ndi zokolola ziwiri kapena zitatu zoti lipatulepo kenakake, kaya ndi matumba a kachewere, kaya ndi mbuzi.

Bambo kapena mayi apite yekha ku sukulu chaka chino, akafunse aphunzitsi kuti mwana akulimba pa phunziro liti, ndi kuti ciências ikuphunzitsidwa pa sukuluyo kapena mwanayo adzayenera kusamukira kwina.