Buku Likasanduka Kanema, Wophunzira Atsate Ziti?

Nkhani ya William Kamkwamba, mnyamata wa ku Masitala kwa Wimbe m'boma la Kasungu, yayenda ulendo umene mabuku ambiri a kuno kwathu sadauyendepo. Idatuluka m'chaka cha 2009 m'buku lotchedwa The Boy Who Harnessed the Wind, limene adalemba iye mwini mothandizana ndi Bryan Mealer. Mu 2012 idasanduka buku la zithunzi la ana aang'ono, mu 2015 buku la ana a sukulu, mu 2019 kanema wokonzedwa ndi Chiwetel Ejiofor, ndipo mu 2025 gulu la zisudzo la Royal Shakespeare Company ku England lidalengeza kuti likuikonza kukhala sewero la nyimbo. Tsono ife aphunzitsi tiyenera kudzifunsa kuti mwana wa ku Mua, ku Golomoti kapena ku Mtakataka atolapo chiyani pa zonsezi.

Choyamba tidziwe kuti kanema sanena zonse zimene buku lidanena. M'bukumo, William adasiya sukulu pa njala ya 2001 ndi 2002 kaamba kosowa fizi, nayamba kuwerenga mabuku a sayansi m'kalaibulale ka kwa Wimbe. Makina oyendera mphepo amene adapanga ndi zitsulo zotola ndi njinga ya bambo wake adayamba ndi kuyatsa magetsi ndi kuliza wailesi panyumba. Zopopa madzi zidadza patapita zaka, dziko litamudziwa pa msonkhano wa ku Arusha mu 2007. Koma m'kanema makina oyambawo ndiwo akupopa madzi m'chitsime napulumutsa mudzi ku njala. Wokonza kanema ali ndi maola osakwana awiri, choncho adalumikiza zinthu zotalikirana kuti nkhani ithe mokoma.

Kusintha kotereku sindikuyesa mlandu. Ngakhale agogo pokamba nthano amadula apa nawonjezera apo, molingana ndi ana amene akhala pamoto usiku umenewo. Sewero la nyimbo limadula koposa, pakuti masamba makumi awiri a chisoni amalowa m'nyimbo imodzi. Vuto limabuka pamene wophunzira aonera kanema naganiza kuti wawerenga buku. Chimene chimatayika ndicho chofunika kwambiri kwa mwana amene sukulu yamuthera panjira: miyezi yovutikira zithunzi za m'buku la Chingerezi chimene samachimva bwino, kuyesa ndi kulephera, ndi kupirira pamene anthu amamunena kuti wapenga. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo kanema ndi kandimverere wa buku.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Tiyamikire kuti kanemayu adajambulidwa kuno ku Malawi ndipo mbali yaikulu ndi ya m'Chichewa. Komabe Maxwell Simba amene adasewera ngati William ndi wa ku Kenya, Ejiofor amene adakhala bambo wake adabadwira ku London, ndipo khutu la Mchewa silichedwa kumva kuti lilime ndi la alendo. Likamveka liwu la Lily Banda, mwana wa kuno, kusiyana kwake kumaonekeratu. Chimodzimodzinso gule wamkulu amene akuoneka m'kanemamo. Woonera wa kunja amangoti ndi chokometsera, pamene aliyense amene adalowa m'nyumba ya Chamare ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher adayambitsa ku Mua mu 1976, akudziwa kuti chilombo chilichonse chili ndi dzina ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, inde, koma mwini mutu ndiye adziwa pali chipsera.

Nanga tichite chiyani? Aphunzitsi anzanga, ana awerenge buku poyamba, kanema adze pambuyo. Akatha kuonera, alembe zimene zasinthidwa ndipo anene chifukwa chake. Phunziro lotere limanola nzeru kuposa kuloweza mayina a anthu a m'nkhani. Ana a ku Golomoti, amene kuyambira 2022 akuona makina opanga magetsi a dzuwa pakhomo pao, ali ndi mafunso okwanira oti afunse buku la Kamkwamba.

Koposa apo, tisadikire kuti a ku England atiimbire nkhani zathu. Tili ndi Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara la mu 1933, ndiponso Sikusinja ndi Gwenembe la John Gwengwe. Sewero la nyimbo si chinthu chachilendo kwa ife, pakuti nthano zathu zimakhala ndi nyimbo pakati, wokamba amatsogolera, omvera navomereza. Kalasi itenge mutu umodzi wa buku, ipeke nyimbo zakezake, ibwereke ng'oma m'mudzi, isewere pansi pa mtengo makolo akuonera. Zimenezi sizilira magetsi kapena ndalama zambiri. Mwana amene wavutikapo kusankha mawu oti adule ndi oti asunge sadzaoneranso kanema mwachimbulimbuli, ndipo mwa ana oterewa ndimo mudzatuluka okonza makanema a m'Chichewa chomveka.