Nyundo za chigayo zikatha, amalipira ndani?

Kukolola kukangotha, zigayo za pa Mitundu ndi pa Nathenje sizipuma. Ngolo ndi njinga zochokera m'midzi ya m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama zimatsitsa matumba, amayi n'kundandika ndowa pamzere kuyambira m'bandakucha. Madandaulo ake ndi odziwika: mtengo wogayitsira wakwera, ndowa imodzi ikuchedwa kutha, ufa ukutuluka wofunda. Ambiri amaloza chala Escom kapena mtengo wa dizilo. Koma mbali ina ya mlanduwu ili m'mimba mwa chigayomo, pa tizitsulo tomwe ogayitsa sationa n'komwe.

Chigayo cha masiku ano sichipera ngati mphero, chimamenya. M'kati mwake muli nyundo zingapo zomwe zimazungulira pafupifupi ka 3,000 pa mphindi, kuswa chimanga mpaka chidutse pa sefa. Nyundo yatsopano imakhala ndi ngodya zakuthwa. Ikamagwira ntchito ngodyazo zimaperepeseka, ndipo m'malo moswa chimanga imayamba kungochikankha. Chimanga chimazungulira nthawi yaitali, ufa umatentha, magetsi amapita ambiri pa ndowa yomweyo. Mwini chigayo sangavomere kuluza, choncho ndalama ya magetsi owonjezerawo imakapezeka pa mpango wa mayi wogayitsa.

Chomwe chimadya nyundo kwenikweni si chimanga ayi, koma mchenga. Mchenga ndi wolimba kuposa chitsulo wamba, moti chimanga choyanikidwa pansi n'kuoleredwa ndi timiyala chimakhala ngati tupa. Apa ogayitsa nawo ali ndi mlandu wawo.

Komatu zitsulo sizifanana. Chitsulo wamba chomwe owotcherera amapangira mageti ndi mafelemu a mawindo chimakhala ndi kaboni wochepa, pafupifupi 0.2 peresenti. N'chofewa, chosavuta kudula ndi kuboola, ndiye chifukwa chake nyundo zake zimatchipa. Sipuling'i ya galimoto imakhala ndi kaboni pafupifupi 0.6 peresenti, kuphatikizapo manganese ndi chromium kapena silicon pang'ono. Amisiri a kuno anatulukira kalekale kuti sipuling'i yakale ya lole imatulutsa nyundo, nkhwangwa ndi zikwanje zokhalitsa, ngakhale sanapite kusukulu ya zitsulo.

Vuto limabwera pokonza. Kuti aiwongole ndi kuiboola, mmisiri amaiwotcha mpaka kufiira. Akaisiya kuti izizire yokha pang'onopang'ono, imafewa ndipo mphamvu yake yambiri imatha. Akaiviika m'madzi ikadali yofiira, imauma mopyola muyezo n'kusanduka yophwanyika. Njira yoyenera ndi kuiviika m'mafuta, kenako kuitenthetsanso pang'ono kuti isamathetheke. Nyundo yothetheka ndi yoopsa kuposa yofewa, chifukwa kachidutswa kamodzi kamang'amba sefa nthawi yomweyo ndipo kakhoza kulowa mu ufa. Nyundozi ziyeneranso kulemera mofanana. Zikasiyana, chigayo chimanjenjemera ndipo mabering'i amatha msanga.

Mwina wina anganene kuti ingogulani chitsulo chapamwamba basi. Nazonso zili ndi malo ake. M'chaka cha 1882, Robert Hadfield wa ku Sheffield, m'dziko la England, anapanga chitsulo chokhala ndi manganese pafupifupi 12 peresenti. Chodabwitsa chake n'chakuti chikamamenyedwa mwamphamvu chimanka chiuma pamwamba, m'kati chili chosasweka. Mpaka lero chimagwira ntchito m'makina ophwanya miyala ndi pa mphambano za njanji. Koma chimanga sichimenya mwamphamvu yokwanira kuchiumitsa, ndiye m'chigayo ndalama yake siioneka phindu. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi chitsulo choumitsidwa bwino, kapena kuwotcherera nsonga za nyundo ndi ndodo zapadera zoumitsa zomwe zimakhala ndi chromium wambiri.

Ndodo zimenezi, pamodzi ndi nyundo zopangidwa kufakitale, zimachokera kunja. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu wotere anakwera mtengo. Zikatere munthu amathamangira chotchipa, ndipo sitingamudzudzule kwambiri: nyundo ziwiri zikagona pa kauntala, yofewa ndi youma zimaoneka chimodzimodzi. Wogula amadzazindikira atamanga kale. Komabe pali mayeso omwe aliyense angachite. Tupa ikaluma nyundo mosavuta, ndiye kuti mchenga nawo suvutika.

Chomvetsa chisoni n'chakuti nzeru ili pakhomo pomwepo. Sukulu ya ukachenjede ya Bunda, yomwe ili pansi pa Luanar ndipo imaphunzitsa za makina a ulimi, ili pafupi ndi Mitundu. Bungwe loona za miyezo la MBS lilipo kuyambira 1972. Awiriwa atagwirizana zophunzitsa owotcherera kaumitsidwe ka chitsulo, n'kuika muyezo womwe mwini chigayo angaufunse pogula, phindu lingafike pa mbale ya nsima.

Chitsulo chomwe chaperepeseka sichisowera m'malere. China chimapita ndi fumbi, china chimatsalira mu ufa. Tizidutswa tosaoneka ndi maso si toopsa ngati tikuluutikulu, koma palibe banja lomwe linalipira kuti lidye nyundo. Maginito woikidwa polowera chimanga amagwira misomali ndi mawaya zisanawononge makina, ndipo wina woikidwa potulukira ufa amatola zotsala. Nyundo zambiri zimatheka kuzitembenuza kuti ngodya zonse 4 zigwire ntchito zisanatayidwe. Kumbali ya ogayitsa, kuyanika chimanga pa mphasa kapena pa lona ndi kuchipeta bwino ndi lichero kumachotsa mchenga wambiri usanafike pachigayo.