Chikwangwani cha Panjira Si Mudzi Ayi

Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwambi umenewu amaudziŵa bwino alimi a mbibu, mtengo wobala mtedza wa kashu, umene kwawo kwenikweni ndi kumpoto chakum'maŵa kwa dziko la Brazil. Mbibu wamba umatalika kwambiri, ndipo kaŵirikaŵiri suchita maluŵa kufikira chaka chachitatu. Koma kumeneko kulinso mtundu waufupi umene umayamba maluŵa m'chaka choyamba kapena chachiŵiri. M'chaka cha 1983 akatswiri a m'chigawo cha Ceará anapereka kwa alimi mitundu iŵiri yotere, CCP 06 ndi CCP 76.

Vuto la katswiri wofuna mtundu watsopano ndi nthaŵi. Akakwatitsa mitengo iŵiri, amabzala mbande mazanamazana, nazisamalira zaka zingapo asanadziŵe imene yatengera kubala msanga. Apa ndi pamene zizindikiro za chibadwa zimathandiza. Izi ndi timbali ta DNA timene timasiyana pakati pa mtengo ndi unzake. Kambali kakakhala pafupi ndi chimene chimafulumizitsa maluŵa, ziŵirizi zimayendera limodzi kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana. Motero tsamba limodzi la mbande likhoza kuulula zimene munda ukanaulula patapita zaka. M'chaka cha 2007 Cavalcanti ndi Wilkinson anafalitsa mapu oyamba a chibadwa cha mbibu, kuchokera pa ana a mtengo waufupi ndi wautali.

Ntchito imeneyi njotamandika, komabe aliyense asaiŵale kuti chikwangwani chimangoloza njira, sindicho mudzi. Kubala msanga sikulamulidwa ndi chinthu chimodzi. Mvula, nthaka ndi matenda nazo zili ndi mbali yake, ndipo chizindikiro chodalirika m'banja limodzi la mitengo chikhoza kusokeretsa m'banja lina. Tsono mbande yosankhidwa iyenera kuyesedwabe m'munda isanafike kwa mlimi, pakuti iye akabzala mtengo wolakwika amataya zaka zimene palibe angam'bwezere.

Choopsa china n'chakuti anthu akakopeka ndi mitengo yofulumira, angathe kudula yakale yonse. Chonsecho m'mitengo yaitaliyo ndi mmene akatswiri amafunamo mtedza waukulu ndi mphamvu yopirira matenda. Wofuna kukolola msanga asagwetse mtengo umene adzaufuna maŵa.