Mnyamata wa kamera tisamuche lova

Pamsonkhano wa Mphakati mwezi watha, amai ena anatidandaulila za mwana wao. Mnyamatayo anatsiliza Giledi 12 ku Kitwe, koma nchito ya ku mgodi sanaipeze. Tsopano pa Ciwelu paliponse amanyamula kamera, lelo ku Mindolo Dam, mawa ku Chembe kufupi ndi Kalulushi kukajambula mbalame. Akabwela amalemba nkhani ndi kuitumiza ku magazini ya alendo okonda kuwedza ndi kugona m'matenti. "Kodi imeneyi ndi nchito, a Katekisiti, kapena ndi ulova wovala jekete?" anatifunsa motelo.

Dandaulo lao tikulimva. Wolemba wotele alibe malipilo a pamwezi. Amalipidwa pa nkhani imene yasindikizidwa cabe, mkonzi akaikana ndiye kuti ndalama ya basi yapita m'madzi. Ngakhale nkhani italowa, malipilo angathe kucedwa miyezi. Tinamuuza mnyamatayo kuti asasiye dimba la amai ake, pakuti cithunzi sacidyela nsima.

Koma kunena kuti nchito yake njacabe, pamenepo takana.

Ife amene tili ndi imvi tikumbuka magazini ya Chongololo kusukulu. Ambili a ife maina a mitengo ndi mbalame za m'dziko lathu lomwe tinawadziwila m'menemo, cifukwa wina anapita kuthengo, nayang'anitsitsa, nalemba. Kodi ndi angati mwa ife ku Ndola amene anafikako ku nyanja ya Kashiba, pafupi ndi Mishoni ya St Anthony ku Mpongwe? Nanga ku Chimfunshi, kumene banja la a Siddle linayamba kulela anyani ochedwa chimpanzee mu 1983? Alendo ocokela ku Ulaya amadziwa malo amenewa kuposa ife eni ake, ndipo ici ncocititsa manyazi pang'ono.

Cifukwa cacikulu cili ku mtsinje. Pa 18 February 2025 damu la zonyansa za mgodi wa Sino-Metals Leach Zambia linaphulika ku Chambishi. Malipoti oyamba anati malita pafupifupi 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mu Mwambashi, kenaka mu Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, cimanga ndi nshawa za m'mbali mwa mtsinje zinapsa, mipopi ya ku Kitwe inatsekedwa, ndipo boma linacita kuwaza laimu m'madzi ndi ndege za asilikali. Mu September caka comweco alimi 176 anakapeleka mlandu ku High Court ku Lusaka.

Tsono, alimi anzathu, ganizani. Munthu akakufunsani kuti munda wanu unali wotani madzi oipa asanafike, mudzamuonetsa ciani? Pakamwa pokha sipakwanila, aliyense angathe kunena kuti mukuonjeza. Koma cithunzi ca mnyamata uja, cojambulidwa caka capita, coonetsa msodzi atanyamula nsomba pa doko lakuti, tsiku lakuti, cimanga cili biliwili kumbuyo kwake, cimeneco ndi mboni. Iye anajambula kuti mlendo akopeke, osadziwa kuti akusungila mudzi wonse umboni. Malemu Papa Francis, m'kalata yao ya Laudato Si' ya mu 2015, anatikumbutsa kuti cilengedwe cikaonongeka oyamba kuvutika ndi osauka. Pano pa Copperbelt zimenezo taziona ndi maso.

Komabe kwa inu ana athu ojambula tili ndi mau. Magazini ya alendo imafuna dzuwa likulowa ndi madzi oyela, nsomba yakufa siigulitsa malo ogona. Musalole kuti mkonzi akuphunzitseni kutembenuza kamera pamene mwaona thovu lacilendo pamtsinje. Jambulani zonse ziwili. Cokongola tumizani kumene amalipila, cinaco sungani, mulembepo tsiku ndi dzina la malo, ndipo kope lina musiye kwa anduna a mfumu kapena ku ofesi ya parishi.

Cinanso ndi ulemu. Taonapo ojambula akulowa m'munda wa mwini popanda odi, najambula agogo ali m'nsanza zakumunda, basi ulendo. Agogowo adzaonekela m'buku lowelengedwa ku Lusaka iwo osadziwa. Pemphani cilolezo, fotokozani kumene cithunzi cikupita, ndipo mukabwelanso abweletseleni cao cosindikiza. Ndalama yake njocepa poyelekeza ndi ya basi.

Amai aja sanakhutile kwenikweni. Anati tidzakambilananso mwana wao akadzagula thumba la feteleza ndi ndalama ya zithunzi. Ife tamupempha kuti pa Sondo ikubwelayi, Misa ikatha, apite ndi alimi a Mphakati wathu akajambule madimba onse a m'mbali mwa mtsinje, mvula isanayambe.