Kodi Mbiri ya Mudzi wa Chembe Ndi ya Yani?

Ife a ku Thyolo nyanja timaidziwira m'mbale. Kwathu m'malaini a antchito a m'minda ya tiyi, tsiku la malipiro likakwana amayi amapita ku msika wa Bvumbwe kapena ku Luchenza kukagula usipa wouma, ndipo palibe amafunsa kuti nsombazo anapha ndani. Inenso sindimafunsa, kufikira pa tchuthi china pomwe ndinatsagana ndi amalume anga, amene amachita malonda a nsomba, pa ulendo wa ku Chembe, mudzi wa asodzi m'boma la Mangochi, kupitirira pang'ono Monkey Bay. Zimene ndinaona kumeneko ndi zimene zandichititsa kulemba nkhani ino, okondedwa awerengi.

Alendo ambiri malowa amawadziwa ndi dzina loti Cape Maclear. Dzinali anapereka ndi David Livingstone pofuna kulemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa za nyenyezi amene amagwira ntchito ku Cape Town. Mu October 1875 amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland anafika pamenepa pa sitima yotchedwa Ilala, motsogoleredwa ndi E. D. Young, ndipo mwa iwo munali Dr Robert Laws. Apa ndi pamene panayambira mishoni ya Livingstonia. Malungo sanawachitire chisoni. Dr William Black anamwalira m'chaka cha 1877, chimodzimodzinso Shadrach Mngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. M'chaka cha 1881 amishoniwo anasamukira ku Bandawe, n'kusiya ntchito m'manja mwa Albert Namalambe, munthu woyamba kubatizidwa pa mishoniyo. Manda awo alipo mpaka lero m'munsi mwa phiri.

Patapita zaka pafupifupi 100, m'chaka cha 1980, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park pofuna kuteteza nsomba za mbuna ndi nkhalango za m'mapiri ozungulira. M'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linaika malowa m'gulu la malo ofunika pa dziko lonse. Mudzi wa Chembe sanausamutse ai, koma unatsala pakati, kutsogolo madzi, kumbuyo paki.

Zonsezi zinalembedwa m'mabuku, ndipo anyamata operekeza alendo amazinena pamtima. Koma taonani: amishoni anakhala pamenepa zaka zisanu ndi chimodzi zokha, pomwe asodzi akhalapo mibadwo ndi mibadwo. Nanga mbiri ya asodziwo ili m'buku liti? Ndani analemba mndandanda wa mafumu a mudziwu? Ndani analemba za munthu amene anabweretsa khoka la chilimira, kapena za amayi amene amadzuka m'bandakucha kukayanika usipa ndi utaka pa mathandala? Usiku nyali za asodzi zimawala pa nyanja ngati mudzi wachiwiri pafupi ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe, koma mayina a anthu amene ayatsa nyalizo zaka zonsezi akutha pamodzi ndi eni ake.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikunena kuti tiiwale amishoni. Munthu wosiya kwawo n'kudzafera kuchilendo chifukwa cha ntchito imene anaikhulupirira ndi woyenera ulemu, ngakhale akhale wa mpingo wina. Ndikungonena kuti mlendo ndi mame. Mbiri imene imangotchula alendo, n'kusiya eni mudzi opanda dzina, imaphunzitsa ana kuti makolo awo sanachite kanthu.

Ndili chiimire pa mchenga paja ndinakumbuka kwathu, chifukwa nthenda yake ndi yomweyo. Mudzi wathu nawonso unatsala pakati, osati pa madzi ndi paki, koma pakati pa minda ya tiyi. Chaka chimene esiteti ya Satemwa inayamba, 1923, ndi chodziwika, ndiponso dzina la woiyambitsa, Maclean Kay. Koma Alomwe amene anayamba kulowa m'dziko muno kuchokera ku Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, amene anagwira thangata kuti apeze pokhala, ndani anawalemba mayina? M'chaka cha 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zomwe gwero lake lina linali nkhani ya malo ndi thangata. Agogo anga aakazi anali mtsikana nthawi imeneyo. Anamwalira ine ndisanawafunse kanthu, chifukwa ndimayesa kuti mbiri ndi ya m'kalasi basi. Chisoni chimenechi sichindichoka.

Wina anena kuti mbiri sadya, asodzi akufuna nsomba ndipo othyola tiyi akufuna malipiro abwino. N'zoona, koma taganizani izi. Ku Chembe malo ambiri a m'mphepete mwa madzi tsopano pali nyumba zogona alendo. Mkangano ukabuka wa pomwe mabwato amakocheza, wa njira yopita kukatunga madzi, kapena wa komwe amayi amatola nkhuni, mwini pepala ndiye amamveka. Mudzi wosadziwa kuti malire ake akale anali pati, ndi kuti manda a makolo ali pati, umangoti kukamwa yasa. Ife a ku Thyolo izi sitichita kumva kwa munthu.

Mbiri imathandizanso pa umoyo. Akatswiri amene anafufuza za likodzo ku Chembe anapeza kuti nthendayi inachuluka pomwe nsomba zodya nkhono zinachepa chifukwa cha kupha nsomba mopitirira muyeso pafupi ndi gombe. Msodzi wokalamba amakumbukira nsomba zimene zinkapezeka pamenepo ali mnyamata, ndi makoka amene ankaloledwa. Nzeru zoterozi zikalembedwa zingathandize mudzi kudziikira malamulo ake. Paja akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Tsono pempho langa ndi ili. Anzanga a pa seminale pano, tchuthi chikubwerachi aliyense atenge kope limodzi ndi cholembera. Khalani pansi ndi munthu wamkulu kuposa onse m'mudzi mwanu, kaya ndi kunyanja, kaya ndi m'malaini. Mufunseni komwe mudzi unachokera, mafumu ake, njala ndi madzi osefukira zimene anaziona, ndi tanthauzo la mayina a mitsinje ndi madooko. Lembani m'chinenero chimene iye akulankhula, ndipo mukatha mumuwerengere kuti akonze pomwe mwaphonya. Inu abambo ansembe, tithandizeni kusunga makope amenewa ku parishi, pambali pa mabuku a ubatizo, pomwe chiswe sichifika. Ndipo inu makolo, musadikire kuti tikufunseni. Yambani ndinu, chifukwa ife ana timachedwa kuzindikira.

Ine langa ndagula kale. Ndiyambira kwa mlongo wawo wa agogo anga, amene ali ndi moyo mpaka pano kufupi ndi Luchenza.