Kuonda kwa K1,800: cimacepa ni mimba kapena thumba?

Lolemba lina m'mawa, pa siteshoni ya ku Kanyama, kondakita anali kulongeza anthu anayi-anayi pa mpando monga mwa masiku onse. Mlamu wanga, mkazi wa akulu anga, ndiye anayenela kukhala wacinayi kumbuyo, koma malo amene anatsala olo mwana wa sukulu sakanakwanapo. Kondakita anangoti, "Amai, ngenani tiyende, olo mulipile tubili." Basi yonse inaseka. Mlamu nayenso anaseka, koma mpaka tinaseluka pa City Market sanakambenso mau.

Sabata yotsatila analandila cilimba, ndipo K1,800 yonse anapatsa mtsikana wina wa pa WhatsApp amene amadzicha "coach". Analandila cikopo ca ufa wosungunula m'madzi, tiyi wakumwa usiku, tumapilisi, na pepala la zakudya za masiku 30. Ndalama ija inali ya belo ya salaula. Ndiye nifunse funso limene ambili a ife timafunsa camumtima tikaona zithunzi za "kale na manje" pa Facebook: kodi mapulogilamu olipila ocepetsa thupi amagwiladi nchito yolingana na ndalama yake?

Coyamba tivomeleze kuti vuto liliko. Kafukufuku wa STEPS amene unduna wa zaumoyo unacita na WHO mu 2017 anapeza kuti pa akulu anayi alionse m'Zambia, pafupifupi mmodzi ni wonenepa kupitilila muyeso, ndipo azimai ndiwo ambili. Pa akulu asanu, pafupifupi mmodzi ali na BP yokwela. Koma kafukufuku wina wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 osakwana zaka zisanu ni opinimbila. Conco m'nyumba imodzi ya mu George kapena Chawama mungapeze amai olemela makilo 95 na mwana wosakula bwino, onse akudya mu poto imodzi. Kunenepa kwa m'komboni nthawi zambili sikucokela ku cuma. Kumabwela cifukwa cakudya cochipa komanso cokhutitsa msanga ni nsima ya bulekifasti, vitumbuwa, machipisi na zakumwa za shuga, pomwe nchito zathu ni zokhala pansi: pa sitandi, pa buthi ya mobile money, pa sitelingi.

Palinso mbili yathu. Amene munali akulu m'zaka za m'ma 1990 mukumbukila kuti munthu akaonda, anthu anali kunong'onezana za kaliwondewonde. Kuuza munthu kuti "mwaina" kunali kumuyamikila. Lelo mafoni atiuza kuti m'ciuno mufunika kuning'a. Ogulitsa atipeza pakati pa manyazi awili amenewa, ndipo munthu wamanyazi sakambitsana mtengo.

Nanga m'mapaketi muja muli ciani? Matiyi ambili ocepetsa thupi ali na senna, mankhwala otsegula m'mimba. Sikelo imatsikadi, koma cacoka ni madzi na za m'matumbo, mafuta ali pomwepo. Ufa wosungunula umagwila nchito mwa njila ina: mukamwa kapu imodzi m'malo mwa nsima ya masana, mwadya zocepa, ndipo thupi limatsika. Cakutsitsani ni nsima imene simunadye. Coopsa kwambili ni tumapilisi topanda dzina la wopanga. Mankhwala ochedwa sibutramine anacotsedwa pa msika ku Ulaya na ku America mu 2010 cifukwa anali kuwonjezela ngozi ya sitiloko na matenda a mtima, koma oyang'anila mankhwala m'maiko osiyanasiyana akhala akuwapeza obisidwa m'zinthu zolembedwa kuti "zacilengedwe". Kuno kwathu mankhwala afunika cilolezo ca ZAMRA, bungwe limene linakhazikitsidwa na lamulo la 2013. Ngati wogulitsa sangakuonetseni cilolezo, ndiye kuti mukuyesela mankhwala pa mtima wanu.

Sinikamba kuti pulogilamu iliyonse yolipila ni bodza. Kampani ya Weight Watchers, imene inayamba ku New York mu 1963, inayesedwa bwino. Mu 2011 magazini ya madokota ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa anthu 772 a ku Britain, Germany na Australia. Patapita caka, amene anatumizidwa ku pulogilamu ya kampaniyo anataya makilo pafupifupi 5, pomwe amene anangolandila uphungu wa ku kiliniki anataya makilo awili na pang'ono. Ndalama za kafukufukuyo inapeleka ni kampani yomweyo, koma olo tikhulupilile zonse, onani zinthu ziwili. Kusiyana kwake ni makilo atatu cabe pa caka cathunthu, osati makilo 10 pa mwezi monga amalonjezela pa WhatsApp. Ndipo cimene anthu aja anali kulipilila kwenikweni ni kukumana sabata iliyonse, kukwela pa sikelo, kuwelengela zimene adya, na kulimbikitsana. Mphamvu inali mu gulu.

Mu May 2025 kampani yomweyo inapita ku khoti ku America kukapempha citetezo cifukwa ca nkhongole, makasitomala ambili atathawila ku nyeleti za semaglutide, zodziwika na maina a Ozempic na Wegovy. Nyeletizi zimagwiladi nchito: pa kafukufuku wa 2021 anthu anataya pafupifupi 15 peresenti ya kulemela kwao m'masabata 68. Koma amene analeka, patapita caka anali atabweza magawo awili mwa atatu a makilo aja. Ni mankhwala olembedwa na dokota, mtengo wake ni wa kumayadi, ndipo mu June 2024 WHO inacenjeza kuti pali abodza amene anapezeka ku Brazil, Britain na America. Munthu akakuonetsani kanyeleti kocokela m'cikwama cake pa mtengo wa "bwanji tikambe", thawani.

Tibwele kwa mlamu. Mwezi woyamba anataya makilo anayi, ndipo anakondwela maningi. Koma sabata yacitatu coach anayamba nyimbo ina: "Mami, mukangena naimwe muzigulitsa, vanu vizakhala vochipa, mubweletse cabe banzanu batatu." Apa ndiye pali cinsinsi ca malonda ambili otele. Coach samadya pa kuonda kwanu, amadya pa kugula kwanu na pa anthu amene mwabweletsa. Si kuno kokha. Mu 2016 bungwe loteteza ogula ku America, FTC, linagwilizana na kampani ya Herbalife kuti ilipile madola 200 miliyoni na kusintha kacitidwe kake, cifukwa ambili mwa amene analonjezedwa kuti adzapeza ndalama pogulitsa sanapeze kanthu kooneka. Zimene mlamu anagula n'za kampani ina, koma kamangidwe ka malonda n'kofanana.

Mwezi waciwili panafunikanso K1,800 ina, ndipo cilimba cinali citapita kwa wina. Mlamu anafika poganiza za kaloba, koma akulu anga anakana. Ufa unatha, nsima inabwelela, ndipo pofika mwezi wacitatu makilo atatu anali atabwelela pamalo pake. Tiwelenge monga amalonda: K1,800 pa kilo imodzi. Kumbukilani kuti kuyambila January 2024 malipilo ocepetsetsa a wanchito wa m'nyumba anaikidwa pa K1,300 pa mwezi, ndipo caka comweco JCTR inawelengela kuti zofunika za banja la anthu asanu mu Lusaka zinapitilila K10,000 pa mwezi. Pulogilamu imene imagwila nchito pokhapo ngati mukulipila mwezi na mwezi ili monga lendi, ndipo tili nayo kale lendi imodzi imene imatisowetsa tulo.

Nanga cimene cimathandiza n'ciani? Kafukufuku wamkulu wa ku America wofalitsidwa mu 2002 anatenga anthu amene anatsala pang'ono kudwala shuga. Anawapempha zinthu ziwili: kutsitsa thupi na 7 peresenti, na kuyenda kapena kucita maseŵela mphindi 150 pa sabata. Ngozi yodwala shuga inatsika na 58 peresenti. Kwa munthu wa makilo 90, tikukamba za makilo 6 cabe. Simudzaoneka monga wa pa cithunzi, koma magazi anu adzamva kusiyana.

Zimenezo zingatheke na poto ya pa nyumba. Amene mumadya mitanda itatu ya nsima, bwelani pa iwili, ndipo malo otsalawo mudzaze cibwabwa, kalembula, bondwe, impwa kapena delele. Nyemba na kapenta n'zabwino kale. Saladi muzipima na sipuni, osati kupungula mpaka ndiwo zisambe. Botolo la 500 ml la zakumwa zambili za shuga lili na masipuni aang'ono a shuga okwana 10 kapena kuposa, pomwe WHO imati munthu wamkulu asapitilile pafupifupi 12 pa tsiku lonse, kuphatikizapo wa mu tiyi. Azibambo a micopo ya ku Matero na mowa wa Cisanu mpaka Sondo, nkhaniyi si ya azimai okha. Ndipo mphindi 150 ni mphindi 30 masiku asanu: kuselukila masiteshoni awili musanafike, kapena kuyenda pansi kucoka ku Kalingalinga kupita ku Mtendere m'malo modikila basi idzale.

Nidziwa kuti kukamba n'kosavuta. Dzinja likafika, m'Kanyama mumayenda na majombo, misewu yambili ilibe poyenda anthu, ndipo mzimai sangatuluke yekha 05:00 koloko kuli mdima na majanki ali pa kona. Ndiye cifukwa cake nibwelela ku cimene anthu a ku Britain aja anali kugula: gulu, sikelo, na munthu wokufunsani sabata iliyonse. Ife zimenezo tinazidziwa kale. Cilimba cimayenda cifukwa munthu amacita manyazi kufika kwa anzake cimanjamanja.

Musanayambe ciliconse, pitani ku kiliniki ya boma, kaya pa George, Mtendere, Kalingalinga, kapena ku zipatala za Kanyama, Matero na Chawama, akupimeni kulemela na BP, ndipo mufunse za kupima shuga. Nyeleti ya cilezi ya miyezi itatu na ma ARV amene ali na dolutegravir amanenepetsa anthu ena. Ngati ndimwe mmodzi wa iwo, musaleke mankhwala cifukwa ca mau a kondakita kapena a coach, kambilanani na a ku kiliniki. Ndipo ngati mukuonda popanda kuyesa, imeneyo si mphatso: kapimitseni TB, shuga na HIV.

Kodi palibe nthawi yoyenela kulipila? Ilipo. Ngati ndalama ni yanu, yosabweleka ndiponso yosacotsedwa pa mpamba, ndipo mukulipila katswili wa zakudya wophunzila kapena jimu imene mudzapitako zoona, ndalamayo siinatayike. Koma funsani mafunso anayi. Munaphunzila kuti, ndipo mapepala ali kuti? Kodi nidzadya cakudya cimene banja langa likudya? Nikaleka kulipila, cidzacitika n'ciani? Kodi mupeleka lisiti? Popanda lisiti, olo mukadandaule ku CCPC, bungwe loteteza ogula, mudzayamba na ciani? Wogulitsa akakwiya na mafunso amenewa, wakuyankhani kale.

Mlamu manje anasintha njila. Iye na anzake asanu a cilimba anasonkha n'kugula sikelo imodzi, ndipo Ciwelu ciliconse, asanaike ndalama pa tebulo, aliyense amakwelapo ndipo mlembi amalemba m'buku lomwelo la ndalama. Masiku atatu pa sabata amayenda pamodzi mu Los Angeles Road mpaka ku City Market, ndalama ya basi n'kuisunga. M'miyezi inayi wataya makilo asanu, ndipo nesi anamuuza kuti BP yake yayamba kutsika. Belo ya salaula ija sanaigulebe, ikuyembekeza cilimba cikabwelenso kwa iye.

Ndipo kwa inu ba kondakita: mpando umene mumaikapo anthu anayi ni wa anthu atatu. Mukambe bwino na amai athu. Mau amodzi a m'basi anadyela banja lina K1,800.